Kodi mwana wathu wa ku yunivesiti timamufunsa za mumtima?

Tsiku limene mwana asankhidwa kupita ku UNZA kapena ku CBU, mudzi wonse usangalala. Nkhuku iphedwa, amalume agulitsa matumba a cimanga, ndipo pokwera basi pa Chipata mwanayo auzidwa kuti: "Ndiwe ciyembekezo cathu, usaticititse manyazi." Ife makolo tinena mau awa mwacikondi. Koma kodi tinaganizapo za kulemera kwake pamutu pa mwana wa zaka 19?

Tiyeni tione moyo umene akaupeza kumeneko. UNZA inatsegulidwa mu 1966, ndipo ophunzira anaculuka kuposa malo ogona. Cipinda ca anthu awiri cigonamo anai kapena asanu, cimene anawo acicha "squatting". Osowa malo acita lendi ku Kalingalinga kapena ku Ng'ombe, ndipo mwini nyumba safuna kumva za mayeso, afuna ndalama zake. Ndalama za cakudya, zimene ophunzira azicha "BC", boma linazicotsa mu 2019 ndi kuzibwezanso mu 2023. Ngakhale tero, alandira ndi okhawo amene ali pa ngongole ya HELSB, ndipo ngongoleyo idzabwezedwa akadzayamba nchito. Tsono mwana awerenga ali ndi njala, ali ndi nkhongole, alinso ndi mantha a kulephera.

Tidziwa mnyamata wina wa kwathu amene analephera mayeso a caka caciwiri. Anakhala mu Lusaka caka cathunthu osauza makolo ake, akugona kwa anzake. Atabwera anali woonda ndi wosalankhula. Tinamufunsa cifukwa cake anabisa. Anayankha kuti: "Pa foni munali kungofunsa za mamaki. Ndikanayambira pati?" Mau awa anatilasa mtima, pakuti cinali coonadi.

Nkhawa ya mayeso ndi ya aliyense, ndipo itha mayeso akatha. Koma pali zizindikiro zofunika kucenjera nazo: mwana asowa tulo kapena agona usana wonse, aleka kudya, adzipatula kwa anzake, aleka kulowa m'kalasi, ayamba mowa kapena camba, anena kuti moyo ulibe phindu. Izi zikapitirira masabata awiri, dziwani kuti angakhale akudwala matenda a maganizo, ndipo matenda amenewa acizika.

Vuto lathu nlakuti tithamangira kuweruza. Ena ati ndi ulesi, ena ati walodzedwa ndi acibale a nsanje, enanso ati mwamuna salira. Dzina la Chainama talisandutsa citonzo, pamene ndi cipatala monga cina ciriconse. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, ndipo liteteza ulemu wa odwala maganizo. Lamulo linasintha, koma lilime lathu likali lakale. Kumpempherera mwana nkwabwino, koma tikatero timperekezenso kwa dokotala, monga ticita akadwala malungo.

Nanga ticitenji? Coyamba, tikamutumira foni tiyambe ndi kufunsa ngati wadya, ngati agona bwino, ngati ali ndi mnzake womuuza zakukhosi. Za mamaki zibwere pambuyo. Caciwiri, timuuze poyera kuti ngakhale alephere, khomo la panyumba nlotseguka. Kosi ibwerezedwa, koma mwana akatayika sabwezedwa. Cacitatu, tileke kumusenzetsa mabvuto onse a kumudzi. Ndalama yake ya cakudya si ya feteleza.

Kwa inu ophunzira tikuti: mutu umodzi susenza denga. Pitani ku ofesi ya Dean of Students mukafunse alangizi, kapena ku kiliniki. Nambala 933 ya Lifeline ndi yaulere. Mnzanu akanena zodzipha musaseke ndipo musasunge cinsinsi. Khalani naye, ndipo itanani wamkulu tsiku lomwelo.

Inunso acibale okhala mu Lusaka, Kitwe ndi Kabwe, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Muitaneni pa Sondo adzadye nsima ya panyumba, mumuone pankhope. Zambiri zimene foni ibisa, maso aona. Tinamutuma kukatenga digiri, inde, koma cimene tifuna koposa ndico kuti abwerere kwathu wamoyo ndi wamtendere mumtima.