Kodi Munthu Wamkulu Angaongolenso Moyo Wake?

Akulu ambiri akauzidwa kuti aleke fodya amayankha kuti, "Ine ndasuta zaka 30, ndipo coonongeka cinaonongeka kale. Kodi si paja amati kuongola mtengo n'poyamba?" Mwambi umenewu ngwoona pa mtengo. Koma thupi la munthu limadzikonza lokha, ngakhale pa ukalamba, cikangocotsedwa cimene cinali kuliononga.

Umboni wake ndi uwu. M'caka ca 1951 akatswiri awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, analembera makalata madotolo a m'dziko lao, kuwafunsa ngati amasuta fodya. Madotolo aamuna oposa 34,000 anayankha, ndipo miyoyo yao inalondoledwa zaka 50. Zopezeka zake zinalengezedwa mu 2004. Amene anasuta ndudu moyo wao wonse anamwalira msanga ndi zaka ngati 10 poyerekeza ndi anzao osasuta. Koma amene analeka ali ndi zaka 30 anaombola pafupifupi zaka zonsezo. Oleka pa zaka 40 anaombola 9, pa zaka 50 anaombola 6, ndipo ngakhale oleka pa zaka 60 anaonjezera zaka 3 pa moyo wao. Taganizani, zaka zitatu ndi kukolola katatu, ndi nthawi yokwanira kuona mdzukulu wakhanda akuyenda ndi kulankhula.

Nanga zimatheka bwanji? Mu utsi wa fodya muli mpweya woipa umene umalanda malo a mpweya wabwino m'mwazi. Munthu akaleka, mpweya woipawo umatsika lisanathe tsiku limodzi. M'njira zopita ku mapapo muli timaubweya tosaoneka ndi maso, timene nchito yake ndi kusesa zonyansa. Utsi umatifoola, koma pakapita masabata timayambanso kusesa, ndipo n'cifukwa cake ena amatsokomola kwambiri atangoleka kumene. Musaope, kumeneko ndi kuyera kwa cifuwa. Cikatha caka, ngozi ya nthenda ya mtima imakhala ngati theka la ngozi ya munthu wosutabe.

Pali zinanso ziwiri zimene munthu angayambe pa msinkhu uli wonse. Coyamba ndi kuyenda. Mu 1953 dotolo Jeremy Morris anaonetsa kuti makondakitala a mabasi osanjikiza a mu London, amene anali kukwera ndi kutsika makwerero tsiku lonse, sanali kugwidwa nthenda ya mtima kawirikawiri monga oyendetsa mabasiwo, amene anali kungokhala pa mpando. Wa kumudzi amalima ndi kuyenda, koma kalaliki wa m'tauni ndi bambo wopuma pa nchito acenjere. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limalangiza mphindi zosacepera 150 pa sabata, ndiko kunena theka la ora la kuyenda ndawala, masiku asanu.

Caciwiri ndi mcere. Bungwe lomweli limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiyo supuni yaing'ono imodzi yosadzaza. Mcere wocuruka umasunga madzi m'thupi ndi kukweza kuthamanga kwa mwazi, kumene kumabala nthenda yakufa ziwalo. Amai, nsomba youmika ndi mcere siifunanso wina mu mphika, ndipo mbale ya mcere isakhale pambali pa nsima. Lilime limazolowera pa masabata owerengeka.

Tsono musayese kusintha zonse tsiku limodzi, mungatope ndi kubwerera m'mbuyo. Sankhani cimodzi, chulani tsiku loyambira, ndipo uzani a pabanja panu kuti akuthandizeni. Amene amamva kupweteka m'cifuwa kapena befu akayenda pang'ono, ayambe wapita ku cipatala kukapimidwa. Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.