KOMPYUTA YA MASEŴERA PA THUMBA LOPEREŴERA (Gawo Lachiŵiri)

Sabata yatha tinakambirana m'ngodya ino za ziŵalo zimene zimakhala m'mimba mwa kompyuta ndi ntchito ya chiŵalo chilichonse. Lero tafika pa funso limene limasoŵetsa tulo munthu wa ndalama zoŵerengeka: kodi mwa ziŵalo zonsezi, ndi chiti choyenera kudya gawo lalikulu la ndalamazo, ndipo ndi chiti chimene chingathe kudikira?

Funsoli linandipeza ndili khale pakhonde m'nyengo ya tchuthi, pamene mwana wa mlongo wanga anatulukira ndi pepala lopindapinda m'thumba la malaya. Mnyamatayu wakhala akuŵeta nkhuku chiyambire chaka cha 2023, ndipo phindu lake lonse, kupatula la sopo, wakhala akulisunga kuti adzadzimangire kompyuta yoseŵerera mpira wa EA Sports FC, uja unkadziŵika ndi dzina loti FIFA. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza ziŵalo za kompyuta zimachokera kunja, ndalama zake zinafota ali kuziyang'ana. Choncho aŵerengi amvetse kuti papepalalo panalibe malo olakwitsa ngakhale kamodzi.

Nditalifunyulula ndinaona kuti pamwamba penipeni analembapo bokosi lagalasi lokhala ndi nyali zamitundumitundu, kenaka purosesa yamtengo wapatali, pansi pake khadi la zithunzi lofooka, ndipo kumapeto kwenikweni, ndi zilembo zing'onozing'ono, power supply yopanda dzina. "Amalume, mukadzaliona likuŵala usiku mudzavomereza nokha," anatero akumwetulira. Ndinamukumbutsa za chikomekome cha mkuyu chija, kuti m'kati mumakhala nyerere, ndipo tinatembenuza pepalalo ndi kuyambanso kumbuyo kwake.

Tinayamba ndi masamu. Chithunzi chimene chimatchedwa 1080p chili ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, ndiye kuti timadontho 2,073,600. Kuti woseŵera mpira athamange mosadukiza pagalasi, chithunzicho chiyenera kujambulidwa mwatsopano kokwana 60 pa sekondi imodzi, kutanthauza timadontho topitirira 124 miliyoni pa sekondi iliyonse. Ntchito yonseyi imagwera khadi la zithunzi, limene amalonda amalitcha graphics card. Purosesa imalamula kuti mpira upite kuti ndi kuti goloboyi agwere mbali iti, koma wojambula ndiye khadi, ndipo kapitawo wanzeru sathandiza kanthu ngati mlimi ali ndi khasu lothyoka. M'kuona kwanga, pa makwacha 100 alionse, pafupifupi 40 ayenera kupita ku khadi. Ndionjezenso kuti chithunzi cha 4K chili ndi timadontho toŵirikiza kanayi, motero wa thumba lopereŵera achiiŵale ndithu, asachiloterenso.

Khadi limene tinagwirizana ndi Radeon RX 6600 la kampani ya AMD, lomwe linatuluka m'chaka cha 2021. Lili ndi malo akeake osungira zithunzi okwana 8GB, ndipo limadya mawati 132 okha, chinthu chimene tidzachiona kufunika kwake tikafika pa nkhani ya magetsi. Si khadi lodzitamandira nalo pagulu, koma pa 1080p limasenza katundu wake mosadandaula. Ponena za malo osungirawo, maseŵera atsopano ambiri afika pomavutika pa makhadi osafika 8GB, ndipo apa mpofunika kuŵerenga bwino zolembedwa. GeForce GTX 1060 ya Nvidia, ya m'chaka cha 2016, inatuluka mitundu iŵiri yodziŵika, wa 6GB ndi wa 3GB, dzina limodzimodzi koma mphamvu zosiyana, ndipo wogulitsa wochenjera amangotchula dzina lokhalo.

Makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito ndiwo amakopa kwambiri, ndipo sindiletsa kugula. Kungoti wogula adziŵe mbiri yake. Kufikira mu Seputembala 2022, makhadi miyandamiyanda ankagwira ntchito usana ndi usiku yokumba ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum, ndipo njira yokumbayo itathetsedwa, eni ake anakhuthulira makhadiwo pamsika. Ena mwa iwo akadali amphamvu, ena mafani ake anatopa kalekale. Safunsa anadya phula. Musapereke ndalama khadi lisanaikidwe m'kompyuta pamaso panu ndi kuseŵeredwa kwa theka la ola, inu mukumvetsera kulira kwa mafani ndi kuyang'ana ngati pagalasi sipakubwera timizere kapena timabanga tachilendo. Wogulitsa akakana zimenezi, tsanzikani mwaulemu.

Pa purosesa ndi pamene mnyamata uja anaumirira kwambiri, pakuti anali atamva kwa anzake kuti imeneyi ndiyo ubongo. Tinasankha Ryzen 5 5600, ya m'chaka cha 2022, ya mitima isanu ndi umodzi yogwirira ntchito, yodya mawati 65, yomwe ikagulidwa yatsopano m'bokosi lake imabwera ndi fani yoiziziritsa. Ubwino wake waukulu uli pa mpando umene imakhalapo, wotchedwa AM4. Mpandowu unayamba m'chaka cha 2016, motero ma motherboard ake, monga a B450 ndi B550, anachuluka padziko lonse. Mpando watsopano wa AM5, wa m'chaka cha 2022, umalola RAM ya mtundu wa DDR5 yokha, kutanthauza kuti posankha purosesa mwasankhiratu mtengo wa ziŵalo zina ziŵiri. Misampha ilipo iŵiri. B450 yakale imafuna kuti pulogalamu yake ya m'kati, yotchedwa BIOS, ikonzedwe kaye isanalandire purosesa imeneyi, apo ayi mudzayatsa kompyuta ndi kuona mdima. Komanso 5600 payokha siitulutsa chithunzi popanda khadi. Mbale wake, 5600G, amatulutsa, ngakhale ali wofookerapo pa maseŵera akaphatikizidwa ndi khadi, ndipo iyeyu ndiye woyenera munthu amene akufuna kuyamba lero ndi kudzagula khadi chaka chamaŵa.

Za RAM ndi zachidule. Gulani 16GB, koma ikhale timitengo tiŵiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, pakuti tiŵiri timatsegula njira ziŵiri zopita ku purosesa. Posungira zinthu pakhale SSD, ngakhale ya 500GB, chifukwa hard disk yozungulira ija imachedwa moti munthu angathe kuŵiritsa tiyi akudikira kuti seŵero litseguke. Ziŵalo ziŵirizi zimalola kuonjezera pambuyo pake, ndiye zisakudyereni ndalama za khadi.

Tsopano ndifike pa chiŵalo chimene chinalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono chija. Power supply imalandira magetsi a pakhoma, a mavoti 230 kuno kwathu, ndi kuwasandutsa mavoti 12, 5 ndi 3.3 amene ziŵalo zina zimadya. Siionjezera liŵiro lililonse, ndipo chifukwa cha ichi ambiri amaiyesa malo opulumutsirapo ndalama. Inenso ndinaganiza motero nditangoyamba uphunzitsi. Ndinagula ina yolembedwa mawati 500, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo ndinakondwera kuti ndachenjera. Inagwira ntchito miyezi ingapo. Tsiku lina madzulo magetsi anathima ndi kubweranso mwadzidzidzi, ndinamva kaphokoso ngati kuthyoka kwa kamtengo, kenaka fungo la pulasitiki yopserera. Siinafe yokha. Inatenga motherboard pamodzi ndi hard disk m'mene munali mayeso a teremu yonse amene ndinali nditalemba, ndipo ndinakhala mausiku atatu ndikulembanso ndi dzanja.

Power supply yabwino imakhala ndi zotetezera zimene zimaizimitsa mphamvu ikapyola muyeso, kuti ngozi ithere pa iyo yokha. Yachabechabe ilibe zimenezi, ndipo nambala yolembedwa pambali pake kaŵirikaŵiri ndi yongokometsera malonda. Purosesa ndi khadi zimene tatchulazi, pamodzi ndi ziŵalo zotsala, sizifika patali kupyola mawati 300, motero ya mawati 550 yochokera ku kampani yodziŵika, monga Seasonic kapena Corsair, ikukwanira ndi kutsalako. Chizindikiro cha 80 Plus chimene mudzachiona pabokosi chimangonena kuti mwa magetsi amene ikukoka, osachepera 80 peresenti akufika ku ziŵalo m'malo mosanduka kutentha. Sichilonjeza kuti siingapse, komabe imene yalephera ngakhale chizindikiro chimenechi ndi yoikayikira. Ndipo kwa ife amene magetsi amatithaŵa osatsanzika, UPS, kabokosi ka batire kopatsa munthu mphindi zochepa zoti azimitse kompyuta mwadongosolo, ndimaiŵerengera ngati chiŵalo cha kompyutayo. Poigula dziŵani kuti nambala ya VA si mawati: yolembedwa 650VA imapereka mawati osafika 400.

Titamaliza kuŵerengera, bokosi lagalasi lija linalibenso malo. M'malo mwake tinalembapo bokosi lakuda wamba, la maboo ambiri kutsogolo oloŵetsa mpweya, pakuti m'mwezi wa Okutobala kutentha kwa kuno sikuchitira chisoni makina. Mnyamatayo anayang'ana pepalalo nthaŵi yaitali, chala chili pa mzere umene tinafafaniza. "Nanga nyali zija, amalume?" Ndinamuuza kuti nkhuku zikadzagulidwa bwino pa Khirisimasi, nyalizo zimagulitsidwa pazokha ndipo zimamatidwa m'bokosi lililonse. Anapinda pepalalo, nalibwezera m'thumba, nafunsa ngati ndingamuperekeze tsiku lokayesa khadi.

Sabata yamaŵa tidzaona kamangidwe kake, kuyambira pa kukhazika purosesa pampando wake popanda kupinda timano take.