UKWATI, NDALAMA NDI NDALE M'MAKOMBONI A KU MASHONALAND

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Harare kunka ku Bindura, kapena wa ku Chinhoyi ndi Karoi, akapatuka nalowa m'makomboni a pa mapulazi a fodya, sacedwa kumva Cinyanja. Amapezako a Phiri, a Banda ndi a Mwale. Nthawi zina amamva ng'oma za gule wamkulu, amene eni dziko amamutcha zvigure, napenyanso kamzikiti ka Ayao pafupi ndi nyumba zootchera fodya. Koma ambiri a anthu amenewa sanaone dziko la Malawi ndi maso ao. Anabadwira pa pulazi, atate ao anabadwiranso pa pulazi, ndipo wocokera ku Dedza kapena ku Mangochi anali agogo ao amene anagona kale. Omvera a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe adziwa mbali zina za nkhani iyi, pakuti midzi iri yowerengeka imene sinatayeko mwana ku Halale. Cimene sicidziwika kwambiri ndico cakuti maganizo a anthu a m'makomboni pa za ukwati, pa za cuma ndi pa za ndale anamera pa muzu umodzi: pulazi inawapatsa nchito, nyumba ndi phoso, koma siinawapatse mudzi.

Ulendo unayamba ndi msonkho. Ku Nyasaland nchito zolipidwa zinali zocepa ndi malipiro ace otsika, ndipo mwamuna wofuna ndalama anayang'ana kumwera. Ambiri anayenda pansi kudzera ku Tete, naoloka Zambezi, nalowa m'dziko la Southern Rhodesia ca ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Mapulazi a ku Mashonaland ndiwo anali oyamba pa njira yao, cotero munthu wotopa ndi wanjala analembedwa pomwepo, ati agwireko miyezi ingapo asanapitirire ku migodi. Bungwe limene Boma la Nyasaland linaika mu 1935, lotsogoleredwa ndi Travers Lacey, linayerekeza kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko, ndi kuti ambiri mwa iwo sanamvekenso mbiri yao. Amenewa ndiwo anatchedwa matchona. Pambuyo pace Boma la Southern Rhodesia linaika magalimoto onyamula anthu kwaulere, amene anadziwika ndi dzina lomwelo la Ulere, ndipo mu 1946 linakhazika bungwe lolemba anchito limene anthu analitcha Mthandizi. Nkhondo yaciwiri itatha, fodya wa ku Rhodesia anapeza msika waukulu ku Britain, minda inakula, ndipo manja anasowa. Ashona ambiri sanakonde nchito ya pa pulazi, popeza anali ndi minda yao ndi ng'ombe zao, ngakhale m'malo opanikiza amene lamulo la malo la 1930 linawasiyira. Motero kwa zaka zambiri fodya wa ku Mashonaland analimidwa makamaka ndi alendo a ku Nyasaland, a ku Mozambique ndi a ku Northern Rhodesia.

Malipiro anawerengedwa pa tikiti. Kapitao anaconga tsiku liri lonse limene munthu anatha mgwazo wace, ndipo masiku 30 atakwana ndipo analandira. Koma asanalandire, kalaliki anayamba wacotsa ngongole ya ku sitolo, ndipo sitoloyo kawirikawiri inali ya mwini pulazi yemweyo. Pangano la maiko atatu la 1947 linayesa kukonza zina: linalamula kuti gawo la malipiro lisungidwe kuti munthu akalandirire kwao, ndi gawo lina litumizidwe kwa a pa banja lace. Kumudzi anthu anayamika lamuloli, makamaka akazi osiyidwa ndi ana. Ku makomboni ambiri anadandaula nalo, nati munthu wamkulu asungiridwa bwanji ndalama zace ngati mwana. Ndipo ena anasankha kuyenda paokha osadzera kwa olemba anchito, ulendo umene unatchedwa wa selufu. Onse awiri anali ndi mfundo. Koma copinga cacikulu cinali manyazi. Wobwerera kwao anayembekezeka kufika ndi njinga, mabulangete, nsaru za amai ndi alongo, kapena makina osokera. Amene caka cinamthera m'ngongole anati adikire caka ca mawa, ndipo zaka zinasanjikana kufikira imvi.

Munthu wopanda malo sakongozedwa ndi banki, pakuti alibe cikole. Cifukwa cace anthu a m'makomboni anadzipangira njira zao. Anacita cipereganyo, kusonkherana malipiro mwezi ndi mwezi kuti mmodzi agule cinthu cooneka. Analipo okongoza ndalama mwa katapila, amene Ashona amati chimbadzo, odedwa ndi onse koma ofunidwa ndi onse. Atelala, amisiri a matabwa ndi akazi ofulula mowa anapeza kangacepe pa masiku a malipiro. Koma mabungwe amene analimba koposa onse ndiwo a maliro, ndipo ici cionetsa cimene cinali kuwawa m'mitima. Munthu wokhala kutali ndi abale ace anaopa kuikidwa ngati nkhuku, wopanda bokosi, wopanda womlira. Tsono ndalama yoyamba imene anaisunga mokhulupirika inali ya imfa yace.

Pa za ukwati ndipo pamene panali mfundo yobvuta kumasula. Acewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe salowola. Mwamuna amapita cikamwini kwao kwa mkazi, ankhoswe a mbali zonse ziwiri namanga ukwatiwo, ndipo ana ali a mbumba ya mkazi. Wowayang'anira ndiye malume ao. Ngakhale pa citengwa, pamene mkazi atengedwa kunka kwa mwamuna, ana sasintha mwini. Kwa Ashona zinthu ziri mosiyana. Mwamuna amatuma munyai, ndiye nkhoswe yao, napereka roora, ng'ombe ndi ndalama, pamodzi ndi ng'ombe yapadera ya amai a mkazi. Akatero ana ali ace, natenga mutupo wace, ndilo dzina la mfunda wa atate.

Tsono taonani cimene cinagwera Mcewa wokwatira mwana wa Ashona. Akapanda kupereka roora, mwambo wa kwao unati ana ali a mkazi, ndipo mwambo wa apongozi ace unatinso ana ali a kwao kwa mkazi. Iye anakhala wobala cabe, wopanda mau konse konse. Akapereka roora, ana anakhala ace ndithu, koma anali atate wopanda mudzi wowaikamo. Kwao ku Ntcheu kapena ku Dowa anawo sakanalandira munda mosabvuta, popeza munda umatsata mai, ndipo mai wao anali mlendo. Kwao kwa mai wao sakanalowa colowa, popeza kumeneko colowa cimatsata atate. Ana otere anagwa pakati pa miyambo iwiri, uli wonse wabwino pa malo ace. Angoni ena, Atumbuka ndi Asena, amene kwao amalowola, sanadodome ndi roora, koma nao bvuto la malo linawapeza cimodzimodzi.

Makolo Acishona ambiri sanafune mkamwini wacilendo. Anati sadziwika kwao, ndipo tsiku lina adzanyamuka ndi ana kunka kumene sangathe kuwalondola, kapena adzathawa yekha nawasiya. Anawatcha Mabhurandaya, kucokera ku dzina la Blantyre, ndi maina ena onyoza. Koma si onse anatero. Analipo makolo amene anaona kuti mlendoyo ali wolimbika pa nchito, wodziwa kulemba cifukwa ca sukulu za mishoni za kwao, ndiponso wosacita manyazi kukhala kwa apongozi. Ashona nao anali ndi mwambo wakale wochedwa kutema ugariri, wakuti mwamuna wosowa ng'ombe akhale kwa apongozi nagwire nchito m'malo mwa roora. Kwa Mshona umenewu unali ukwati wa mmphawi. Kwa Mcewa cinali cikamwini ca masiku onse. Alendo ena analowa m'midzi ya Ashona pa khomo limeneli, napatsidwa munda ndi mfumu, ndipo zidzukulu zao lero sizisiyanitsidwa ndi eni dziko.

Ambiri sanapite kwa makolo konse. M'makomboni munabuka ukwati wa mapoto, ndiko kuti mwamuna ndi mkazi angoyamba kuphikirana, popanda nkhoswe, popanda roora, popanda kalata. A mipingo anaudzudzula. Mpingo umene unayamba mu 1912, pamene mbusa T. C. B. Vlok anafika ku Salisbury kudzaweta anthu a ku Nyasaland, ndi umene pambuyo pace unakhala Sinodi ya Harare ya C.C.A.P., unalimbikira ukwati wa m'calici, ndipo akulu a mpingo anaima m'malo mwa ankhoswe. Koma nkosayenera kuweruza msanga akazi a mapoto. Pa mapulazi ambiri nyumba inaperekedwa kwa mwamuna wolembedwa nchito yokhazikika, pamene akazi analembedwa pa nyengo yokolola ndi yosankha fodya yokha. Mkazi wamasiye kapena wosudzulidwa wofuna pogona anayenera kupeza mwamuna wa nyumba. Ndipo mlandu wa m'banja ukabuka, woweruza sanali malume kapena mfumu, koma kapitao, ndi pamwamba pace mwini pulazi. Blair Rutherford, amene anakhala pakati pa anchito a ku Hurungwe nalemba buku la 2001 lochedwa Working on the Margins, anaonetsa kuti ulamuliro wa mwini pulazi unafika kufikira m'nyumba za anchito ace.

Pa za ndale anthu a m'makomboni anadziwika ngati osalankhula, koma sikuti analibe maganizo. Anchito a ku Nyasaland anali patsogolo pa sitalaka ya pa mgodi wa Shamva mu 1927, ndipo pa nthawi ya Citaganya ca 1953 kufikira 1963 a ku Nyasaland okhala ku Salisbury anasonkhera Congress ya kwao ndi kutsutsa Citaganyaco. Koma pa pulazi panali posiyana ndi m'tauni. Lamulo la ambuye ndi anchito la 1901 linayesa kuthawa nchito mlandu wopita nao kundende, ndipo munthu wocotsedwa nchito anataya nyumba tsiku lomwelo. Nkhondo ya ufulu itafika ku Centenary, pa pulazi ya Altena mu December 1972, anchito anapezeka pakati pa moto uwiri: a m'thengo anawakayikira kuti ali a Mzungu, ndi asilikali a Boma anawakayikira kuti adyetsa a m'thengo. Wanzeru anaphunzira kutseka pakamwa.

Ufulu wa 1980 unabweretsa malipiro oikidwa ndi Boma ndi bungwe la anchito a m'minda la GAPWUZ. Koma m'masankho a makhonsolo a kumidzi anchito a pa mapulazi sanaloledwe kuponya voti kufikira kumapeto a zaka za m'ma 1990, popeza sanali eni malo okhoma msonkho wace. Pa citupa ca ambiri panalembedwa cilembo ca A, kutanthauza mlendo, ngakhale munthuyo anabadwira ku Mvurwi.

Caka ca 2000 ndico cinagwedeza zonse. Mu February anthu anakana malamulo atsopano a dziko amene Boma linawafunsa, ndipo a cipani colamula anakhulupira kuti eni mapulazi anatengera anchito ao kukaponya voti yokana. Mapulazi anayamba kulandidwa. Dandaulo la malo linali loona, pakuti Azungu zikwi zowerengeka anagwira gawo lalikulu la nthaka yabwino kuyambira masiku a atsamunda. Koma pa mapulazipo panali anchito oposa 300,000 pamodzi ndi mabanja ao, ndipo mwa iwo ocepa okha ndiwo analandirako malo. Mshona wocotsedwa nchito anabwerera kumudzi kwao. Mdzukulu wa mtchona analibe kobwerera. Ena anatsala m'makomboni kugwira ganyu kwa eni minda atsopano, ena anapita kukakumba golide m'mitsinje ya ku Mazowe ndi Shamva, ena anamanga zisakasa m'mphepete mwa matauni. Robert Mugabe anawanena pa msonkhano kuti ali anthu opanda mutupo, mau amene anapweteka kwambiri anthu amene maina ao enieniwo, Phiri ndi Banda, ali maina a mfunda.

Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: yense wokhala ndi kholo lobadwira kunja anauzidwa kuti akane unzika wa dziko linalo m'miyezi isanu ndi umodzi, apo ai ataya wa Zimbabwe. Ambiri a m'makomboni sanamve za lamuloli, ndipo amene anamva analibe ndalama zopitira ku Harare kukakana unzika wa Malawi umene sanakhale nao ndi kale lonse. Pa masankho a 2002 ambiri anapeza maina ao atafafanizidwa. Malamulo a dziko a 2013 anakonza colakwaci, nanena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe, wokhala momwemo, amene kholo lace linali nzika ya dziko lina la m'bungwe la SADC, ali nzika mwa kubadwa.

Komabe lamulo lolembedwa lifuna kalata yolitsimikiza, ndipo apa nkhani ya ukwati ibweranso. Kuti mwana alandire kalata ya kubadwa, makolo ayenera kuonetsa zitupa zao. Ukwati wa mapoto sunalembedwe pali ponse. Ana ambiri anabadwira m'komboni, osati ku cipatala. Ndipo agogo amene akanacitira umboni anamwalira ndi citupa ca Mthandizi cokha, kapena wopanda ciri conse. Mai wopanda kalata sangathe kulembetsa mwana wace, ndi mwanayo akakula sangathe kulembetsa wace. Bungwe la Amnesty International linafalitsa lipoti mu 2021 lonena kuti zidzukulu zambiri za anchito ocokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia zinali zisanalandirebe makalata, ndi kuti cifukwa ca ici ana ena analephera kulemba mayeso a sukulu, ndi akulu analephera kupeza nchito yolembedwa kapena kutsegula buku ku banki.