Magetsi abwera, koma makina akukana kudzuka

Kwa anthu a ku Ludzi, Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe. Boda ya Mchinji ndi Mwami, imene nyumba zake zatsopano anatsegulira Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema mu Disembala 2022, ndi njira ya ku msika, ya ku maliro ndi ya kwa achibale. Wopita chapafupi amaoloka ndi kachiphaso ka pa boda, koma wa ulendo wa ku Lusaka kapena ku Joni sangachitire mwina, afunika pasipoti.

Kumayambiriro kwa 2024 pasipotiyo inasowa. Makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko analeka kugwira ntchito mu Januwale, ndipo pa 21 Febuluwale a Chakwera anauza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makinawo ndipo akufuna dipo. Anati boma silipereka kanthu. Kusindikiza kunayambiranso mu Malichi, anthu atataya kale maulendo a malonda, a sukulu ndi a ku chipatala.

Ambiri anafunsa kuti: bwanji osangozimitsa n'kuyatsanso? Funsoli si lopusa. Koma makina osunga zolembedwa za anthu mamiliyoni kawirikawiri sakhala kompyuta imodzi, ndipo kuwadzutsa ndi ntchito imene imavuta ngakhale popanda wakuba aliyense.

Mwachitsanzo, mu 2003 akatswiri a Google anafotokoza njira yomwaza mafayilo pa makompyuta mazanamazana otsika mtengo, atavomereza kuti ena mwa iwo azifa nthawi ndi nthawi. Maganizowo anabala Hadoop mu 2006, pulogalamu imene Doug Cutting anaitcha dzina la chidole cha njovu cha mwana wake. Mu Hadoop fayilo yaikulu imadulidwa m'zidutswa za mamegabaiti 128, chidutswa chilichonse n'kusungidwa pa makompyuta atatu otchedwa DataNode. Kompyuta ina, NameNode, imasunga mayina a mafayilo ndi zidutswa zimene zimapanga fayilo iliyonse.

Zili ngati mlimi wa mtedza amene wasungitsa matumba kwa abale ambiri, iye n'kutsala ndi kope. M'kopemo muli mndandanda wa matumba, koma simunalembedwe kuti thumba lakuti lili kwa yani. Mlimiyo akadzuka amadikira abale abwere mmodzimmodzi kudzanena zimene ali nazo, ndipo salola thumba kulowa kapena kuchotsedwa asanamve onse. NameNode imachita chimodzimodzi. Ikayaka imalowa mu safe mode, momwe imalola kuwerenga kokha, mpaka zidutswa 999 mwa 1,000 zilizonse zitapezeka.

Apa ndi pamene phuma limawononga. Bwana ali pa foni, anthu ali pa mzere, ndipo pali lamulo la mzere umodzi lokakamiza makina kutuluka mu safe mode. Lamulolo silibweza chidutswa chosowa. Limangotsegula chitseko katundu asanakwane. Katswiri wodekha amayamba wafunsa kuti ndi DataNode iti sinabwere, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Yankho limakhala mu log, fayilo imene makina amalembamo zonse zimene zawachitikira, ndipo chofunika ndi dandaulo loyamba, chifukwa mazana otsatirawo amangobadwa kwa ilo.

Zifukwa zake nthawi zambiri n'zochititsa manyazi. Disiki yadzaza ndi ma log omwewo. Kompyuta yabwera ndi adiresi ina pa netiweki, anzake sakuizindikira. Kabatire kakang'ono kosunga nthawi kanatha kalekale, ndipo magetsi atazima usiku wonse wotchi ya makina yabwerera zaka m'mbuyo. Pamene pali chitetezo cha Kerberos, kusiyana kopitirira mphindi zisanu n'kokwanira kuti makompyuta akanane. Palinso amene anaika Hadoop osasintha malo osungira, zonse n'kumapita mu foda ya /tmp, imene makompyuta ambiri a Linux amaisesa akamayaka.

Kulakwa kwakukulu kuposa onse ndi kufomata NameNode. Pa intaneti malangizo amenewa ali mbwee, ndipo kwa wophunzira amene akungoyeserera palibe chovuta. Pa makina a ntchito, kufomata ndi kuwotcha kope la mlimi uja. NameNode imadzuka ndi nambala yatsopano, ma DataNode ali ndi yakale, ndipo mu log mumatuluka mawu akuti "Incompatible clusterIDs". Malangizo otsatira amati fufutaninso zimene zili mu DataNode. Makina amayakadi bwinobwino, ali mbee, opanda kanthu.

Kwathu kuno zonsezi zimakulira pa magetsi. Namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa maola ambiri kunakhala kwa tsiku ndi tsiku. Makina ozima mwadzidzidzi amasiya zolemba zili theka. Magetsi akabwera, makompyuta onse amayaka nthawi imodzi, pamene amayenera kutsatana: netiweki poyamba, kenako seva ya nthawi ndi ya mayina, ndiye NameNode, ma DataNode pambuyo. A Baobab Health, amene anayamba kuika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2001, anazindikira izi msanga. Anapanga makina awo kuti aziyendera mabatire, kuzima kwa magetsi kusawafike n'komwe.

Chimene ambiri samva ndi chakuti makope atatu a chidutswa chilichonse aja sateteza ku ngozi zonse. Amateteza disiki ikafa. Munthu akafufuta fayilo molakwitsa, kapena wakuba akalowa, lamulo lake limafika pa makope onse atatu. Chofunika ndi kope lina losungidwa padera, losalumikizidwa ku netiweki, ndi anthu a pano odziwa kulibwezeretsa. Boma linathetsa mgwirizano wa mapasipoti ndi kampani ya Techno Brain mu Disembala 2021, ndipo mu Julayi 2022 linatsegula likulu losungira deta ku Blantyre lomangidwa ndi Huawei. Nyumba ndi makina zimagulika ndi ngongole. Chimene ine ndingafunse pa mgwirizano uliwonse wotere ndi chakuti mawu achinsinsi ndi ndondomeko yodzutsira makina zili m'manja mwa yani kampani ikanyamuka.

Akatswiri osamala sadikira ngozi. Amasankha Loweruka, n'kuzimitsa dala makina onse, n'kupatsa wantchito watsopano pepala la ndondomeko kuti awadzutse yekha, wina akuyang'ana wotchi. Paliponse pamene wakakamira, amakonza pepalalo tsiku lomwelo, n'kulisindikiza, chifukwa limene lili pa seva silingawerengeke seva itakana kuyaka.