Za Mbuna, Nsomba za m'Miyala

Ana inu a ku Mulanje mudziwa kuti mkungudza wa pa phiri lathu sumera wokha kwina konse. M'Nyanja ya Malawi namonso muli nsomba zazing'ono zokakamira kwao cotero. Dzina lace ndi mbuna. Zina ziri zobiriwira ngati thambo, zina zacikasu, zina zamizeremizere.

Mbuna ziri pacibale ndi cambo, koma makhalidwe ao asiyana. Cambo ciyendayenda pa mcenga ndi pa matope. Mbuna zikhala m'miyala, nizidya ndere zomera pamenepo, ndipo ziopa kuoloka mcenga, popeza palibe pobisala. Yaimuna isankha mwala wace, nipitikitsa zinzace zoyandikira.

Ngakhale pa gombe limodzi mitundu igawana malo. Mtundu wina, wa kamwa loyang'ana pansi, ukonda madzi osaya pamene mafunde aomba. Mbale wace atsikira kozama. Wina upala ndere ndi mano, wina ungozitola. Mzungu wina, Geoffrey Fryer, anapenyetsetsa izi ku Nkhata Bay, nazilemba m'caka ca 1959.

Nanga cifukwa ninji mbuna sizifalikira? M'nyanja yamcere, monga ku gombe la Mozambique, nsomba zambiri za m'matanthwe a korali zitaya mazira m'madzi, ndipo ana atengedwa ndi madzi kunka kutali. Mbuna sizitero ai. Yaikazi isunga mazira m'kamwa monga masabata atatu, osadya, nilavula ana pa miyala yomweyo. Motero ana akulira kumene anakulira makolo ao. Ndico cifukwa cace mbuna za ku cisumbu ca Likoma zisiyana ndi za ku Thumbi, pafupi ndi Cape Maclear, ndipo mitundu yace ikwana mazana.

Koma cokhala pa malo amodzi sicicedwa kutha. Anthu akatha mitengo m'mapiri a kunyanja, mvula ikokolola dothi, matope nakwirira miyala, ndere nizifa; ndipo mbuna ziribe kothawira. Mtundu ukatha pa cisumbu cace watha pa dziko lonse. Pofuna kuzicinjiriza, Boma linapatula madzi a ku Cape Maclear m'caka ca 1980, kuti akhale malo otetezedwa.

Tsono mukaona mkungudza paphiri, kumbukilani mbuna. Zonse ziwiri kwao ndi kumodzi kokha, ndipo wozisunga ndi munthu.