Kodi mumadziwa? Chimanga cha ku Bindura chimamvera nyanja ya Pacific

Mlimi wa m'chigwa cha Mazowe, kapena mdzukulu wa Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito pa mgodi wa Trojan ku Bindura, akhoza kumva m'mwezi wa Seputembala ngati dzinja likubwera ndi mvula kapena ndi ng'amba. Chizindikiro chake chili kutali zedi, m'madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific, kufupi ndi Peru. Madziwo akatentha mopitirira muyeso, zomwe zimatchedwa El Niño, kawirikawiri mvula imachepa kuno kum'mwera kwa Africa. Akazizira, ndiye La Niña, ndipo mvula imakonda kuchuluka.

Mu 1994, wasayansi Mark Cane ndi anzake anasonyeza m'magazini ya Nature kuti kutentha kwa madziwo kumalosera zokolola za chimanga ku Zimbabwe miyezi yambiri chisanache. Mu 1997, ku Kadoma kunachitika msonkhano woyamba wa SARCOF, umene mpaka lero umasonkhanitsa akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC mvula isanayambe. Ulosi wa akatswiriwa ndi woyenera kuumvera: mu 2023 anachenjeza za El Niño, ndipo mu Epulo 2024 boma la Zimbabwe linalengeza kuti chilala chasanduka ngozi yogwera dziko.

Anamondwe ndi ovutirapo kuwalosera. Akatswiri a Météo-France pa chilumba cha La Réunion amatha kunena ngati nyengo ya Novembala mpaka Epulo idzakhala ndi anamondwe ambiri. Koma komwe namondwe adzagwere, monga Idai amene anasakaza Chimanimani mu Malichi 2019, kumadziwika kutatsala masiku ochepa chabe.