Chakudya cha ku pub, koma chophikidwa mwa halal

Aliyense amene wakhalitsa kuno ku Britain akudziwa kuti pub si malo omwerako mowa okha ayi. Ndi bwalo la m'mudzi. Kumeneko ndi kumene anthu amasonkhana akachoka ku maliro kapena ku mpira, ndipo tsiku Lamulungu banja lonse limakadyako nyama yowotcha, mbatatesi ndi msuzi, chakudya chimene eni dziko amachitcha Sunday roast. Kwa zaka zambiri abale athu achisilamu ankangodutsa pakhomo pa nyumba zimenezi osalowamo, chifukwa cha mowa ndi nyama ya nkhumba.

Zinthu zasintha. M'chaka cha 2000 dziko lino linali ndi ma pub oposa 60,000, koma pofika 2023 anatsala pafupifupi 45,000. Kalembera wa 2021 anapezanso kuti ku England ndi Wales kuli Asilamu 3.9 miliyoni, ndipo ku Leicester, kumene Amwenye ambiri ochokera ku Malawi anakhazikika m'zaka za m'ma 1970, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ndi Msilamu. Motero m'madera ena a Leicester, Birmingham ndi Bradford nyumba zimene kale zinali ma pub lero ndi malo odyera a halal, ndipo ena mwa malowa ayamba kuphika zakudya za ku pub zenizenizo.

Ntchito yaikulu ili m'khitchini, ndipo si yongochotsa nkhumba pa mndandanda wa zakudya. Nsomba ya fish and chips ambiri amaiviika mu ufa wokandira mowa asanaikazinge. Wophika wa halal amakandira madzi a soda kuti ikhalebe yokhukhuluza. Soseji zimene amadyera mbatatesi zosinja zimakhala za ng'ombe, nkhosa kapena nkhuku. Steak and ale pie, imene dzina lake lomwe likutchula mowa, imafuna msuzi wa mafupa ndi anyezi wokazinga kwa nthawi yaitali kuti kukoma kusathawe. Mafuta a nkhumba amene amabisala mu ufa wa payi, ndi vinyo amene ena amathira mu msuzi, zonsezi ziyenera kuchoka. Koma black pudding yokha, poti ndi ya magazi, ilibe mlowam'malo weniweni, ndipo ambiri a ife sitinaimve ikulakalakidwa ndi wina aliyense.

Tichenjezane apa: mawu akuti halal olembedwa pagalasi si umboni wokwanira. Bungwe la Halal Monitoring Committee, limene likulu lake lili ku Leicester, limavomereza nyama yokhayo imene yazingidwa ndi dzanja isanakomoledwe, pamene la Halal Food Authority limalola mitundu ina ya kukomola bola nyamayo ikhale yamoyo poizinga. Mabanja amasiyana maganizo pa nkhaniyi. Musachite manyazi kufunsa kumene nyama ikuchokera, ngakhalenso kufunsa ngati tchipisi akukazingira mu mafuta apadera. Mwini malo woona mtima sakwiya nalo funso lotere.

Ena adzati: kodi n'kuvutikiranji ndi chakudya cha Angerezi, nsima ya chambo ilipo? Afunseni ana athu obadwira kuno. Iwo anakula akumva anzawo kusukulu akusimba za Yorkshire pudding ya Lamulungu, ndipo chakudya chimenechi amachiona ngati chawo, monga mmene amaonera nsima. Ngakhale fish and chips yomweyo inabwera ndi alendo: mbiri imati Ayuda ochokera ku Spain ndi Portugal ndiwo anafika nako kukazinga nsomba kotere.

Kwa ife Amalawi phindu lina ndi la chibale. Kwathu ku Mangochi kapena ku Balaka, Mkhristu ndi Msilamu amadyera mbale imodzi, ndipo pa ukwati mbuzi amaipereka kwa shehe kuti azinge, aliyense adye mosakayika. Kuno tikamakonza msonkhano wa bungwe, funso la malo lakhala likutigawa: ena safuna kukhala pafupi ndi mowa, ena atopa ndi biriyani. Malo odyera otere amatilandira tonse, agogo ndi makanda omwe.

Sitikubisa kuti alipo otayapo. Nkhalamba ya Chingerezi imene inkamwera pa ngodya imeneyo zaka 40 imalowa, n'kupeza payi ilipo, mipando ilipo, koma mowa wake palibe. Ena amabwerera pakhomo. Ena amakhala pansi, n'kuitanitsa tiyi.